Bonongwe, Ndiwo Imene Timaiponda

Mvula yoyamba ikangogwa m'mapiri a Mvera, bonongwe amamera yekha m'mbali mwa makola, pamadzala ndi m'mabwinja. Popeza palibe womufesa, ambirife timamuyesa ndiwo ya amphawi. Ana athu akabwera kutchuthi amafuna kabichi wa kumsika, ndipo ife makolo timamasula kansalu ka ndalama pamene ndiwo yabwino tikuiponda panjira.

Tiyeni tilingalire bwino. Masamba a bonongwe ali ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, kashiamu wolimbitsa mafupa, ndi vitamini A wosamala maso. Mayi woyembekezera ndiponso mwana amene wangosiya kuyamwa ndiwo amasowa zimenezi koposa. Bonongwe amathyoledwa patangopita milungu inayi kapena isanu, nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo chimanga sichinakhwime.

Amayi, pophika tisathire chidulo kapena soda, pakuti zimaononga mavitamini ena. Asakhalitse pamoto. Kutendera nsinjiro n'kwabwino, chifukwa mafuta a mtedza amathandiza thupi kulandira vitamini A. Wotsala timufutse, timuyanike pamthunzi ndi kumusunga m'chikwatu, kuti m'chilimwe tisadzadye nsima yosusa.

Maiko ena anazindikira kale phindu lake. Ku Mexico, Aaziteki ankalima mtundu wina wa bonongwe chifukwa cha njere zake Asipanya asanafike mu 1519. Kufikira lero njerezo amazikazinga mpaka ziphulike ngati mbuliuli, nazisakaniza ndi uchi. M'njere zomwezo mumayengedwa mafuta okhala ndi squalene, amene amafewetsa khungu, ndipo amathiridwa m'mafuta odzola. Ambiri a mafuta otere ankachokera m'chiwindi cha nsomba za m'nyanja zamchere zotchedwa shaki. Atsikana athu osirira mabotolo a m'sitolo adziwe kuti m'mabotolo ena muli m'bale wa bonongwe wa kuseri kwa khola.

Dzina lake la m'mabuku, Amaranthus, linachokera ku mawu a Chigriki otanthauza chosafota. Mtumwi Petro anagwiritsa ntchito mawu omwewo pa 1 Petro 5:4, ponena za mphotho imene Mbusa wamkulu adzapatsa atumiki okhulupirika.

Chaka chino banja lililonse lipulule njere za bonongwe wokhwima ndi kukonza kabedi kamodzi kothira manyowa. Ntchito yothirira tiwapatse ana, kuti aphunzire kuyamika Mulungu pa zimene watipatsa pakhomo pomwe.