PHAZI LOSAMVA KUWAWA

Nkhani ino iri ya mapazi, makamaka ya zobvuta ziwiri zimene zimagwera anthu a m'midzi ndi a m'matauni omwe, ndizo dzanzi losatha ndi kutupa. Phazi liri lonse liri ndi mafupa 26, ndipo mafupa amenewa amasenza thupi lonse kuyambira tsiku limene mwana ayamba kuyenda kufikira ukalamba wace. Mlimi, mai wosenza mtsuko, mnyamata wa mu mgodi ndi mphunzitsi woimirira pa bolodi, onsewa amadya cifukwa mapazi amawafikitsa ku nchito. Komabe palibe ciwalo cimene anthu amaciiwala monga phazi, kufikira tsiku limene likana kuponda pansi.

Mlonda wa thupi

Munthu akaponda minga pa njira amaima pomwepo, nakhala pansi, naizula. Palibe wamuuza kuti aime. Kuwawa ndiko kwamuimitsa. M'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri yofunika pa nkhani ino. Ina ndiyo njira za magazi. Ina iri yoyera, yonga ulusi, ndipo nchito yace ifanana ndi ya waya wa lamya: imatenga mau kucokera ku khungu kunka ku ubongo, kunena kuti apa patentha, apa palasidwa, apa nsapato yathina. Tsono kuwawa ndiye mlonda wa thupi. Anthu amadana nako, koma ndiko kumapulumutsa phazi kambirimbiri tsiku liri lonse.

Mitsempha yotumiza mau imene ifika ku zala za kuphazi ndiyo yaitali koposa yonse, ndipo pa nthenda zambiri ndiyo imayamba kuonongeka. Dzanzi lace siliri longa lija la munthu wokhalira mwendo pa mphasa, limene limatha akaimirira. Poyamba wodwala amamva ngati nyerere zirikuyenda m'mapazi, kapena kubaya konga kwa singano, kapena kutentha ngati moto, makamaka usiku. Ena amati akamayenda amamva ngati alikuponda pa thonje. Pambuyo pace zonsezo zimazirala, ndipo munthu amakondwa, nayesa kuti wacira. Tsoka lagona pamenepo, pakuti nthenda siinacoke iai. Amene wafa ndi mlonda.

Zimene zimaononga mitsempha

Nthenda yodziwika kale pa nkhani imeneyi ndiyo khate. Kacirombo kace kanapezeka m'caka ca 1873 ndi dotolo wa ku Norway, dzina lace Armauer Hansen, mu mzinda wa Bergen. Kamakhala m'khungu ndi m'mitsempha ya m'manja, m'mapazi ndi kumaso. Cizindikiro cace coyamba kawirikawiri ndi banga lotuwa pa khungu, losayabwa, losamva akalikhudza. Kale anthu anakhulupirira kuti khate limadya zala lokha. Dotolo wina wa ku England, Paul Brand, amene anayamba nchito ku Vellore m'dziko la India m'caka ca 1946, anasonyeza kuti zala zimatha ndi zironda: kupsa ndi moto, kulasidwa, kukhutizika mu nsapato, ngakhale kulumidwa ndi makoswe usiku mwini wace ali m'tulo osamva kanthu. Phazi ladzanzi likasungidwa bwino likhoza kukhala lamphumphu moyo wonse.

Khate lacepa m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe, koma silinathe. Limacira ndithu. M'caka ca 1981 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuciza khate ndi mankhwala ophatikiza, ndipo kuyambira caka ca 1995 mankhwalawo amaperekedwa kwaulere. Wodwala amawamwa miyezi 6 kapena 12, monga mwa kukula kwa nthenda, ndipo akangoyamba kumwa sapatsiranso anzace. Koma mtsempha umene unafa kale suuka. Cifukwa cace munthu wobisa banga poopa kusekedwa alikudzimana yekha zala zace. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una.

Masiku ano nthenda imene iononga mapazi a anthu ambiri koposa khate ndiyo ya shuga. Zizindikiro zace ndi ludzu losatha, kukodza kawirikawiri ngakhale usiku, kutopa, ndi kuonda munthu alikudya bwino; koma ambiri amakhala nayo zaka osadziwa. Shuga akacuruka m'magazi nthawi yaitali amaononga mitsempha yotumiza mau pang'ono pang'ono. Dzanzi limayamba ku zala za mapazi onse awiri, nilikwera cha ku akakolo monga umo sokosi imabvalidwira. Shuga yemweyo amacepetsanso njira za magazi, kotero kuti cironda cimacedwa kupola, ndipo fodya amaonjeza bvuto limeneli.

Ziripo zifukwa zinanso. Kumwa mowa kwambiri zaka zambiri, makamaka kacasu, kumaononga mitsempha, ndiponso kusowa kwa mavitamini a mtundu wa B m'zakudya. Kacirombo ka HIV kakhoza kubweretsa moto m'mapazi. Mankhwala a cifuwa cacikulu ochedwa isoniazid nao amatero mwa anthu ena, ndipo n'cifukwa cace ku cipatala amawapereka pamodzi ndi vitamini B6. Womva dzanzi ali pa mankhwala otere asawaleke yekha. Akanene ku cipatala kuti amthandize.

Umo cironda cimayambira

Cironda ca phazi ladzanzi sicidza ndi ngozi yaikulu. Kamwala kalowa mu nsapato m'mawa, mwini wace nayenda nako tsiku lonse. Msomali watulukira ku cidendene ca nsapato. Munthu waotha moto pa mbaula mwezi wa Juni, nasendeza mapazi pafupi ndi makala, nagona. Wina waponda mcenga wotentha wa Okutobala wopanda nsapato. Wina wadula cikhadabo ndi lumo, nalowetsa m'mnofu.

Kawirikawirinso cironda cimayamba mkati. Munthu wa mapazi abwino amasintha mapondedwe ace osadziwa pamene malo ena atopa. Wadzanzi amaponda malo amodzimodzi nthawi zonse, makamaka pansi pa cala cacikulu ndi pa tsinde la zala. Pamenepo khungu limalimba ngati cikopa, ndipo cikopaco cimakanikiza mnofu wa mkati monga mwala. Mnofu umaphwanyika, magazi nakhira pansi pa khungu, kunja kulikuoneka bwino. Ndi cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere. Ndiponso phazi lotere silituluka thukuta, tsono limauma ndi kung'aluka, ndipo m'ming'alumo ndimo tizirombo timalowera. Mafinya akafika ku fupa, kapena cala cikada ndi kuyamba kununkha, nthawi zina dotolo sakhala ndi njira yina yopulumutsira moyo koma kudula mwendo. Miyendo yambiri yodulidwa cifukwa ca shuga inayamba ndi kacironda kamene mwini wace anakayesa kacabe.

Kuyesa phazi

Ku cipatala amayesa mitsempha ndi kaulusi kolimba ka nailoni, kamene amakanikiza pansi pa phazi wodwala atatsinzina. Pa mudzi pali njira yapafupi. Wodwala abvule nsapato, agone, natsinzine. Mbale wace akhudze pang'ono ndi nsonga ya cala cace ku nsonga ya cala cacikulu ca phazi, cala capakati ndi cala cacing'ono, mapazi onse awiri, osakanikiza, osakanda. Wodwala anene "inde" pamene wamva. Akalephera kumva pa zala 2 kapena zoposa mwa zala 6 zimenezi, apite ku cipatala kukayezetsa shuga ndi kuonetsa khungu lace. Ali yense wodwala shuga ayenera kuonetsa mapazi ace ku cipatala kamodzi pa caka, ngakhale asakumva bvuto.

Kutupa

Kutupa si nthenda pa yokha, koma mthenga wa nthenda yina imene nthawi zambiri iri kutali ndi phazi. Funso loyamba ndi ili: kodi latupa phazi limodzi, kapena onse awiri?

Mapazi onse awiri akatupa madzulo mwa munthu amene waimirira kapena kukhala pa mpando tsiku lonse, naphwa m'mawa, nthawi zambiri palibe coopsa. Agone ndi kukweza miyendo pa mtsamiro. Koma kutupa kosaphwa kuyesedwe motere: akanikize cala cacikulu ca dzanja pamwamba pa phazi kapena pa fupa la mwendo kanthawi pang'ono, nacicotse. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti madzi alikusonkhana m'thupi. Zotere zimadza pamene mtima wafooka, ndipo pamenepo munthu amabanika akamayenda kapena akagona cagada. Zimadzanso ndi nthenda ya impso, imene imatupitsa ndi nkhope yomwe m'mawa, kapena ya ciwindi, imene imatupitsa ndi mimba. Mankhwala opaka pa phazi sathandiza, pakuti gwero liri mkati.

Mai wapakati amatupa mapazi pang'ono miyezi yotsiriza, ndipo zimenezo n'zacizolowezi. Koma kutupa kukadza modzidzimutsa, kukafika ku manja ndi ku nkhope, pamodzi ndi mutu wowawa kapena kuona zinthu mwacimbuuzi, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti magazi akhoza kukhala atakwera, ndipo moyo wa mai ndi wa mwana uli pa ngozi. Mwana wamng'ono wotupa mapazi onse awiri, wa tsitsi lofiirira ndi wosakondwa, sananenepe iai: wasowa zakudya zokwanira m'thupi, ndipo afunika cipatala msanga.

Phazi limodzi likatupa, likatentha, ndi kutulutsa mwanabere, muli tizirombo, ndipo pafunika mankhwala a ku cipatala. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa mu katumba, makamaka munthu atagona masiku pa mphasa, atabereka, kapena atakhala nthawi yaitali m'basi monga pa ulendo wa ku Johannesburg, magazi akhoza kukhala ataundana mu mtsempha. Mwendo wotere asausisite, pakuti cotupa ca magazico cikhoza kuthothoka ndi kukatseka m'mapapo. Palinso nthenda yotupitsa mwendo ndi kulimbitsa khungu, yodza ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. Inabvuta kwambiri m'cigwa ca Shire, ndipo m'caka ca 2020 bungwe la WHO linabvomereza kuti Malawi waigonjetsa; koma amene anatupa kale afunikabe kutsuka mwendowo ndi sopo tsiku ndi tsiku.

Coopsa koposa ndi pamene dzanzi ndi kutupa zikomana. Phazi ladzanzi likatupa ndi kufunda koposa linzace, popanda kuwawa, mafupa a mkati akhoza kukhala alikusweka. Woyenda nalo amaliphwanya kufikira litapindika. Munthu wotere aleke kuliponda, namnyamule kunka naye ku cipatala. Kutema mphini pa phazi lotupa kapena ladzanzi, kaya kuliwaula ndi madzi otentha, ndiko kutsegulira nthenda khomo.

Nchito ya tsiku ndi tsiku

Pamene mlonda wafa, maso ndi manja ziyenera kugwira nchito yace. Malangizo ace ndi awa.

1. Madzulo ali onse ayang'ane mapazi pamalo powala: pamwamba, pansi, ku cidendene ndi pakati pa zala. Wosatha kuwerama agwiritse nchito kalirole, ndipo wosaona bwino apemphe mwana kapena mbale. Afune matuza, ming'alu, matekenya, ndi malo ofunda koposa ena.

2. Asambe mapazi ndi sopo ndi madzi ofunda pang'ono, atayamba wayesa madziwo ndi cigongono. Apukute bwino pakati pa zala, napake mafuta pa khungu louma, koma osati pakati pa zalapo.

3. Asayende wopanda nsapato, ngakhale pa bwalo la nyumba yace. Nsapato ikhale yotakata ku zala, yofewa mkati, yolimba kunsi kuti minga isaboole. Asanaibvale aikutumule ndi kupisamo dzanja. Nsapato yatsopano aibvale nthawi yocepa masiku oyamba.

4. Akhale patali ndi moto. Mapazi akazizira abvale sokosi.

5. Awenge zikhadabo molunjika, osalowa m'mbali. Khungu lolimba asalidule ndi lumo. Akalionetse ku cipatala.

6. Akapeza cironda, ngakhale cacing'ono ngati njere ya mapira, acitsuke ndi madzi oyera, acimange ndi nsaru yocapa, aleke kuponderapo, napite ku cipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Cironda ca pansi pa phazi sicipola munthu alikuyendabe naco.

7. Wodwala shuga amwe mankhwala ace monga adamuuzira, asamale kadyedwe, naleke fodya.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna sopo, mafuta pang'ono, nsapato zoyenera ndi mphindi zowerengeka dzuwa lisanalowe. Zifunanso abale, pakuti nkhalamba ya maso ofooka siingathe kuona pansi pa phazi lace. Banja liri lonse limene liri ndi wodwala shuga, kapena wina amene anadwalapo khate, lisankhe munthu mmodzi womuyang'ana mapazi madzulo ali onse, ndipo munthuyo akaona cacilendo asadikire kuti wodwalayo adandaule, pakuti phazi lotere silidzadandaula konse.