Mowa wa m'mafilimu si wa ophunzira onse

Ngati mwana wanu akuyamba maphunziro ku Howard University, pafupi ndi Columbia Heights, kapena kukoleji ina mu Washington, mwina mwaonapo mmene mafilimu amasonyezera moyo wa kukoleji. Kuyambira filimu ya Animal House ya 1978 mpaka mavidiyo a pa TikTok, chithunzi n'chimodzimodzi: maphwando ochezera, makapu ofiira m'manja, aliyense ataledzera. Wophunzira amene ali m'laibulale Lachisanu usiku palibe amamujambula.

Zoona zake n'zosiyana. Kafukufuku wa boma la America amasonyeza kuti pafupifupi theka la ophunzira a zaka 18 mpaka 22 amatha mwezi wathunthu osalawa mowa. Mu 1986, akatswiri H. Wesley Perkins ndi Alan Berkowitz anapeza kuti ophunzira amaganiza kuti anzawo amakonda mowa kuposa mmene zilili. Ngozi yagona pamenepa: mwana wofika kumene amayamba kumwa pofuna kufanana ndi anzake, pamene ambiri mwa iwo samwa chonchi.

Khalani naye pansi asanapite. Muuzeni kuti okana mowa ndi ambiri. Mukumbutseni kuti kuno lamulo limaletsa kugula mowa usanakwanitse zaka 21. Akatswiri a zaumoyo amati mabotolo 5 kwa mwamuna kapena 4 kwa mkazi m'maola awiri ndi kumwa mopitirira muyeso.

Adziwenso kuti mnzake akamasanza, kupuma pang'onopang'ono kapena kulephera kudzuka, asamusiye kuti agone. Aimbe 911 nthawi yomweyo.