Maluwa a pa foni ya ba aunty

Amene mumakwela basi ya ku Chelstone kapena ya ku Woodlands mumawadziwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa mseu. Tumapulasitiki twakuda tuli ndandanda pansi pa mitengo, wina akuthilila ndi cigubu coboola, wina akunenelelana mtengo ndi mzimai amene waimika motoka theka pa tala theka pa fumbi. Ine ndakhala ndikuwaona pa windo kwa zaka, koma ndinali ndisanaselukepo. Pa Ciwelu capitaci ndinaseluka, ndipo anandituma ndi ba aunty.

Ba aunty, mlongo wao wa atate anga, atsiliza nyumba yao ku Chalala atamanga pang'onopang'ono kwa zaka 9 ndi malipilo a uphunzitsi. Mpanda wa mabuloko watha, geti yaikidwa, koma pabwalo pakali fumbi ndi miyala yotsala kwa omanga. Mwana wao wamkazi ndi nesi ku Scotland. Mu May anawatumizila cithunzi pa WhatsApp: mbali yonse ya phili ili mbuu ndi maluwa acikasu, ngati munthu wathilapo penti. Pansi analembapo kuti dzina lake ndi broom, amamela okha ndipo palibe amene amawathilila. Anaonjeza kuti akamabwela pa Khrisimasi angathe kutola mbeu n'kuziika mu envelopu m'cikwama.

Mau akuti "sathililidwa" ndi amene anagwila mtima wa ba aunty. Aliyense amene amadzuka usiku kukadikila madzi pa pompi, kapena amene amayang'ana thanki ili gwa cifukwa malaiti apita ndipo pampu siikukoka, akudziwa cifukwa cake.

"Iwe wa nyuzi," anatelo pondionetsa foni, "kanifunsile ngati yapezeka muno mu Lusaka. Ngati kulibe, mwana azanibweletsela."

Wogulitsa amene ndinamupeza anali bambo wacikulile, nsapato za jombo, manja akuda ndi dothi. Nditachula dzinalo anandiyang'ana kaye, kenako anaseka.

"Broom? Cipyango? Ba sisi, mwasoba njila. Vipyango vili ku Soweto, kuno tigulisa maluba."

Ndinamuonetsa cithunzi. Anacikulitsa ndi zala, napukusa mutu. Anati pa zaka zonse zimene wakhala pa mseuwo sanagulitsepo citsamba cotelo. Anandionetsa zimene anali nazo: bougainvillea, duranta ya masamba acikasu imene ambili timadulila mpanda, hibiscus, tumitengo twa kanjedza. Ndinakwela basi yobwelela manja ali lende, koma nthabwala yake ija inandikhala m'mutu. Nditayamba kuwelenga za citsambaci ndinapeza kuti bamboyo sanaphonye kwenikweni.

Citsambaci ndiye cinapatsa dzina cipyango ca Azungu. Kale ku Ulaya anthu anali kudula nthambi zake zoonda, zolimba ndi zobiliwila, n'kuzimanga pamodzi kuti azisesela, monga mmene amai kumudzi amamangila tsace la udzu. Dzina la citsamba linasamukila ku cosesela, mpaka lelo. Ngakhale dzina limene akatswili a zomela anaupatsa mtundu wa ku Scotland uja, Cytisus scoparius, lili ndi liu la Cilatini lotanthauza cosesela. Pali mitundu ina yapacibale. Wina ndi Spartium junceum, wa ku maiko ozungulila nyanja ya Mediterranean, wa maluwa onunkhila, umene ulusi wa nthambi zake anthu anali kupangila zingwe ndi nsalu. Ina ili m'gulu lochedwa Genista. Yonseyi ndi ya banja limodzi ndi nyemba, nshawa ndi kayela. Mukayang'anitsitsa duwa lake mudzaona kuti laumbidwa ngati duwa la nyemba, ndipo likafota pamabwela kakhoko ka mbeu.

Ndimvetsa cifukwa cake okonza mayadi ku Ulaya amacikonda. Cimakula msanga, kufika mita imodzi mpaka 3. Cimafuna dzuwa lonse ndi dothi losasunga madzi, la mcenga kapena la miyala, limene maluwa ena amalikana. Feteleza sicifuna, cifukwa monga nyemba zinzake mizu yake imakhala ndi tumapundu tumene tumakoka cakudya ca nayitulojeni kucokela mu mpweya. Amacibzala pa malo otsetseleka kuti mizu igwile dothi, m'mbali mwa njila yolowela motoka, kapena kumbuyo kwa maluwa aafupi kuti cikasu cake cionekele patali. Pali mitundu yaifupi yoyala pansi imene amaika pakati pa miyala, ndi ina imene alimi a maluwa anasakaniza kuti itulutse maluwa oyela, ofiila kapena amawangamawanga.

Cili ndi malamulo ake. Amacidulila maluwa akangotha, ndipo amadula nsonga zanthete cabe, cifukwa mukadula mpaka pa thunthu lakale nthawi zambili siciphukanso. Sicikonda kuzulidwa n'kusamutsidwa cikakula. Sicikhalitsanso: pakapita zaka 10 kapena 15 cimayamba kuuma m'munsi, n'kutsala mitengo yokhayokha. Ndipo maluwa aja a pa cithunzi amakhala milungu yocepa cabe pa caka. Miyezi ina yonse ndi nthambi zobiliwila za tumasamba tocepa. Cithunzi ca pa WhatsApp sicikamba zimenezo.

Cimene cinandikhazika pansi ndi nkhani ya mbeu zake. Makoko akauma pa dzuwa amaphulika ndi kaphokoso, n'kumwaza mbeu kutali ndi citsamba. Nyelele zimanyamula zina, madzi ndi matayala a motoka zimanyamula zina. Khungu la mbeuyo ndi lolimba moti ingakhale m'dothi zaka zoposa 30 ikali yamoyo. Moto ukapita, m'malo mofa, zambili zimamela pamodzi. Ganizilani zimenezi m'dziko lathu lino, kumene cilimwe ciliconse timayatsa udzu m'mbali mwa mseu ndi pa mapuloti osamangidwa. Citsamba cenicenico cimayaka msanga cikauma, ndipo masamba ndi mbeu zake zili ndi poizoni amene angadwalitse ziweto ndi ana.

Kwao ku Ulaya kuli tuzilombo tumene tumadya mbeu ndi nthambi zake, motelo sicipitilila malile. Kumene anthu anacitengela cifukwa ca kukongola, adani akewo anatsala kumbuyo. Pa cisumbu ca Vancouver ku Canada, msilikali wina wa ku Scotland, Walter Grant, anacibzala pa famu yake ca m'ma 1850. Lelo cadzaza m'mbali mwa miseu ndi m'malo odulidwa mitengo, ndipo anthu amasonkhana caka ndi caka kukacidula. Ku New Zealand, ku Australia ndi ku California nkhani ndi imodzimodzi. Pafupi ndi ife, ku South Africa, mitundu ya broom ili pa mndandanda wa boma wa zomela zolanda malo, ndipo lamulo limafuna kuti izicotsedwa.

Wina m'basi muno anena kuti amenewo ndi maiko ozizila, kuno kotentha cingafe cokha. Zoona, Spartium anazolowela mvula ya m'nyengo yozizila ndi cilimwe couma, pamene ife mvula yathu imagwa kukutentha, kuyambila November mpaka March kapena April, ndipo m'makomboni ena madzi amaima masiku. Mizu ya broom imaola m'madzi oima. Koma m'maiko otentha citsambaci capeza malo m'mapili: cafalikila ku mapili a Nilgiri ku India, ndipo Spartium wadzaza m'zigwa za Andes ku Peru ndi ku Bolivia. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo tili ndi malo okwela ndi ozizila kuposa apa, monga Mbala ndi Nyika. Ndiye mbeu za mu envelopu zija zili ndi njila ziwili. Zikafa, ba aunty ataya nthawi ndi madzi. Zikakondwa, vuto silikhalanso la ba aunty okha.

Sitifunika kupita ku Canada kuti tione mmene zimathela. Yang'anani pa windo basi ikamadutsa pa puloti yosamangidwa kapena m'mbali mwa njanji. Citsamba ca tuminga, ca tumaluwa tosakaniza pinki, cikasu ndi olenji, ca tuzipatso twakuda tumene tinali kudya tili ana, ndi lantana. Kwao ndi ku America wapakati ndi wakum'mwela. Anaibweletsa ku Africa ngati duwa la pa yadi ndi la mpanda. Mbalame zinadya zipatso, zinamwaza mbeu, ndipo lelo yalowa m'madyelo a ng'ombe, kumene masamba ake amadwalitsa ciwindi ca ziweto. Yafika mpaka m'nkhalango ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene anchito amaizula ndi manja kuti mitengo ya komweko ipume. Cimodzimodzi namasupuni wa pa Kafue, amene ambili timangoti Kafue weed. Nayenso ndi wa ku South America, ndipo anayenda dziko lonse cifukwa ca duwa lake lokongola la pa madzi. M'zaka za m'ma 1990 anatseka mtsinje pafupi ndi ulalo wa Kafue, asodzi anavutika kupalasa mabwato, ndipo anadetsa nkhawa oyang'anila magetsi ku Kafue Gorge. Amene anayamba kubzala zomela zimenezi sanali anthu oipa. Anali anthu ofuna pakhomo pooneka bwino, monga ba aunty.

Sindikunena kuti ciliconse cocokela kunja ndi mdani. Jacaranda amene amatiyalila maluwa pa miseu mu September ndi October ndi wa ku South America. Mango anacokela ku India, cimanga ca nsima yathu ku Mexico. Nkhani ili pa khomo lolowela. Mbeu kapena comela cocokela kunja cimafunika cilolezo ca boma, cimene cimapelekedwa ndi a Plant Quarantine and Phytosanitary Service a mu unduna wa zamalimidwe. Iwo amayang'ana ngati comelaco cingalande malo, komanso ngati mbeuyo yanyamula matenda kapena tuzilombo. Envelopu yobisika pakati pa majuzi ndi machokoleti imadumpha zonsezi. Tonse tili ndi m'bale ku Britain, ku Johannesburg kapena ku Perth, ndipo December ali pafupi.

Pa Sondo ndinapita ku Chalala kukapeleka lipoti. Ba aunty anamvetsela ali cete, manja ali m'ciuno, akuyang'ana fumbi la pabwalo pao.

"Manje iwe," anatelo, "nakutuma maluba, wanibweletsela lecture. Nizashanga cani apa? Nifuna va yellow, vosafuna manzi."

Funso lao linali loona, ndipo kuletsa munthu popanda kumupatsa cina ndi kumusiya pa njila. Tinakhala pa sitepu n'kuyamba kuchula maina. Ndinawacenjeza za citsamba ca maluwa acikasu ooneka ngati tumabelu, Tecoma stans, cimene cili m'mayadi ambili muno: naconso ndi ca ku America ndipo cimadzimwaza cokha. Aloe ndi wathu, amapilila cilala, ndipo amatulutsa maluwa m'nyengo yozizila pamene zina zonse zauma. Pali mtengo waung'ono wa m'thengo lathu, Cassia abbreviata, wa makoko aatali ngati ndodo, umene umavala cikasu cokhacokha kumapeto kwa cilimwe mvula isanagwe. Ba aunty anangogwedeza mutu, osakhutila.

Kenako anafunsa okha kuti, paja wati broom ndi m'bale wa nyemba? Ndinavomela. Anakhala kaye cete, kenako anaseka mpaka kugwila bondo.

"Si nyamundolo iyo? Amai anali nayo kuseli kwa nkhokwe ku Katete!"

Anali atagunda pamene ine wa dipuloma ndinaphonya. Nyamundolo, imene ena amati nandolo, ndi citsamba ca banja lomwelo. Imatalika mofanana, imatulutsa maluwa acikasu a maonekedwe omwewo, mizu yake imapita pansi kwambili moti imapilila cilimwe, ndipo imakonza dothi m'malo molilanda. Imakhala zaka zingapo, ndipo ikakalamba mitengo yake ndi nkhuni. Kusiyana kwake ndi kwakuti makoko ake akakhwima mumaphika ndiwo. Siidzaphimba yadi ndi cikasu ngati phili la ku Scotland lija, zimenezo ndinawauza poyela. Iwo anati phili sanamange, anamanga nyumba ya zipinda zitatu.

Tagwilizana kuti mvula yoyamba ikagwa tidzabzala mzele wa nyamundolo kutsata mpanda wakumbuyo, aloe pakati pa miyala yotsala ija kutsogolo, ndi bougainvillea mmodzi pa geti, wocokela kwa bambo wa jombo uja. Mbeu ya nyamundolo ibwela pa basi ya ku Chipata, kwa asuweni. Usiku womwewo ba aunty anatumiza uthenga wa mau ku Scotland, ine ndili pomwepo. Anauza mwana wao kuti maluwa awasiye pa phili pomwepo, azingowatumizila zithunzi. Malo a envelopu m'cikwama, anati, aikepo nsapato za saizi 6.