Kusankha njinga yopalasa chotsamira pa ulendo wa m'misewu yafumbi

Njinga yopalasa chotsamira, yomwe opanga ake amaitcha recumbent, siionekaoneka m'misewu ya kuno kwathu. M'malo mwa chishalo ili ndi mpando wokhala ndi potsamiritsa msana, ndipo mapedulo ake ali kutsogolo, kotero kuti munthu amapalasa atatambalala.

Njingayi si yadzulodzulo. Mu 1933 ku Paris, Francis Faure anapalasa yotere, yopangidwa ndi Charles Mochet, makilomita 45 pa ola limodzi, kuposa onse a m'mbuyo mwake. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linaiika kunja kwa mipikisano yake. Masiku ano amaikonda ndi anthu a maulendo ataliatali, chifukwa siipweteketsa matako, khosi kapena manja ngakhale munthu apalase tsiku lonse.

Komatu phula likatha, njingayi imaonetsa chofooka chake: wopalasa sangaimirire pamapedulo. Panjinga wamba munthu akaona dzenje amadzuka pachishalo, maondo ndi zigongono n'kulandira kugwedezeka konse. Pa yotsamira, bampu iliyonse imafikira pamsana. Choncho zimene thupi silingathe, njinga ndiyo iyenera kuzichita, ndipo apa ndi poyambira kusankha.

Choyamba ndi mawilo. Njinga zambiri za mtunduwu zili ndi wilo laling'ono la mainchesi 20 kutsogolo. Wilo lotere limagwera m'dzenje lililonse ndiponso limatitimira msanga mumchenga, pomwe lalikulu limangodutsa pamwamba. N'chifukwa chake kampani ya Azub ya ku Czech Republic imapanga ina, yotchedwa Max, ya mawilo aakulu kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Matayala akhale onenepa, mainchesi awiri kapena kuposerapo, ndipo asapopedwe gwa, kuti azimeza timiyala.

Chachiwiri ndi masipuling'i. Njinga ya Streetmachine, ya kampani ya HP Velotechnik ya ku Germany, ili nawo kumawilo onse awiri. Amateteza msana komanso amathandiza kuti tayala lisamadumphedumphe pamsewu wa mizeremizere. Kuipa kwake n'kwakuti amawonjezera kulemera, ndipo akaonongeka kutali ndi tauni wokonza savuta kusowa.

Chachitatu ndi kaimidwe ka njinga. Mawilo aakulu amakweza mpando, ndipo munthu wamfupi amavutika kuponda pansi mwachangu njinga ikaterereka. Njinga zazitali, zomwe wilo lakutsogolo lili patsogolo pa mapedulo, zimakhala ndi mapedulo otsika, kotero phazi limafika pansi msanga. Koma wilo lakutsogololo silinyamula katundu wokwanira, moti limatha kutsetsereka pamiyala yoyoyoka. Njinga zotere zimavutanso pamakona akuthwa komanso pozikweza m'basi.

Ena amasankha ya mawilo atatu. Iyi siigwa chisawawa, ndipo munthu angathe kukwera chitunda pang'onopang'ono, kuima n'kupuma osatsika. Mu Disembala 2013 Maria Leijerstam wa ku Britain anafika ku South Pole panjinga yotere, yopangidwa ndi kampani ya ICE Trikes. Vuto lake n'lakuti imafuna mikwasa itatu, pomwe msewu wafumbi kawirikawiri umakhala ndi iwiri yosalala, ndipo kanjira ka kumudzi kali ndi umodzi wokha. Ilinso pansi kwambiri: fumbi la galimoto limathera kumaso, ndipo madalaivala saiona msanga, n'chifukwa chake imafunika kambendera katalikatali.

Magiya nawo ndi nkhani yaikulu. Popeza munthu sangakanikize pedulo ndi kulemera kwa thupi lake, chitunda amachigonjetsa ndi giya lopepuka basi. Wofuna kukwera kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, pamsewu wa makona pafupifupi 20, asayerekeze kunyamuka ndi magiya a mutauni. Kukankha njinga yotsamira yodzaza katundu n'kowawa kuposa kukankha yawamba, chifukwa pogwira pake pali mmunsi. Katunduyo aikidwe m'zikwama za pansi pa mpando, kuti kulemera kukhale pakati ndi pafupi ndi nthaka.

Chomaliza ndi zipangizo. Tcheni chake n'chachitali pafupifupi katatu kuposa cha njinga wamba, koma n'chamtundu womwewo, moti okonza njinga pamsika angathe kulumikiza zingapo. Matayala a mainchesi 26 amapezeka m'misika yambiri. Zosapezeka ndi timawilo toyendetsa tcheni ndi zomangira mpando. Zimenezi munthu anyamuliretu zapadera.

Njinga zimenezi n'zodula, ndipo kuibweza yoitanitsa kunja si chinthu chapafupi. Musanalipire, iyeseni pamsewu wafumbi muli ndi katundu yense wa paulendo: imani pakati pa chitunda, kenaka yesani kunyamukanso. Ikakukanikani pamenepo, idzakukanikaninso kutali ndi kwanu.