Impichimenti ku America: Chipani Chikaposa Umboni

Malamulo oyendetsera dziko la America, omwe adalembedwa mu 1787, amapatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu zochotsa pulezidenti pampando nthawi yake isanathe. Njira imeneyi, yotchedwa impichimenti, imagwira ntchito mtsogoleri akaukira dziko, akakhudzidwa ndi ziphuphu, kapena akapalamula milandu ina ikuluikulu pa udindo wake. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, Congress, ili pawiri. Aphungu 435 a ku House of Representatives ndiwo amafufuza ndi kutsegula mlandu, ndipo pamangofunika mavoti oposa theka. Mlanduwo umakazengedwa ku Senate, komwe kuli maseneta 100, mkulu wa majaji onse m'dzikomo akutsogolera. Kuti pulezidenti achoke, magawo awiri mwa atatu a masenetawo ayenera kumupeza wolakwa, kutanthauza mavoti 67 onse akakhalapo. Ndime 86 ya malamulo a Malawi ili ndi njira yofananako, kungoti nyumba ndi imodzi, ndipo magawo awiri mwa atatu amafunika potsegula mlandu komanso pogamula.

Nkhani yonse yagona pa nambala ya 67 imeneyi. Kwa zaka zoposa 50 tsopano, palibe chipani chomwe chakhalapo ndi maseneta ochuluka chotero. Choncho pulezidenti sangachotsedwe ndi otsutsa okha. Pafunika ena a m'chipani chake amve umboni, akhutire nawo, ndi kuvota momutsutsa. Olemba malamulowo adachita dala, pofuna kuti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu asamagwetsedwe chifukwa cha kaduka ka andale anzake. Komabe mmodzi mwa iwo, a Alexander Hamilton, adachenjezeratu mu 1788 kuti milandu yotere idzagawa dziko, ndipo chigamulo chingadzatengere mphamvu za magulu a ndale osati kulakwa kapena kusalakwa kwa woimbidwa mlandu.

Pulezidenti woyamba kuzengedwa anali a Andrew Johnson mu 1868, atachotsa ntchito nduna yoona za nkhondo, a Edwin Stanton, motsutsana ndi lamulo lomwe Congress idakhazikitsa. Maseneta 35 adati ngolakwa, 19 adakana, ndipo adapulumuka ndi voti imodzi yokha. Padapita zaka zoposa 100 nkhani yotere isanavutenso.

Za a Richard Nixon ndizo zimakumbukiridwa ngati nthawi imene njirayi idagwira ntchito monga idakonzedwera. Mu Juni 1972 anthu ogwirizana ndi kampeni yawo adagwidwa atathyola maofesi a chipani cha Democratic ku nyumba ya Watergate mumzinda wa Washington. Mu Febuluwale 1974 aphungu adavomereza kuti kafukufuku wa impichimenti achitike ndi mavoti 410, okana 4 okha. Mu Julayi chaka chomwecho khothi lalikulu la Supreme lidalamula a Nixon kupereka matepi a zokambirana za mu ofesi yawo, ndipo imodzi mwa matepiwo idaonetsa kuti iwo eni adatenga nawo mbali pobisa mlanduwo. Akuluakulu a chipani chawo cha Republican, a Barry Goldwater, a Hugh Scott ndi a John Rhodes, adapita ku White House kukawauza maso ndi maso kuti owaikira kumbuyo atsala ochepa. Pa 9 Ogasiti 1974 a Nixon adatula pansi udindo. Anthu wamba nawo adali atasintha maganizo: kumayambiriro kwa 1973 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ankakhutira ndi utsogoleri wawo, koma pochoka adatsala 24 pa 100 alionse, malinga ndi bungwe la Gallup.

Pofika pa mlandu wa a Bill Clinton, mpanda wa zipani udali utakwera. Aphungu adawatsegulira mlandu pa 19 Disembala 1998 wonama atalumbira ndi wosokoneza chilungamo pa nkhani ya chibwenzi chawo ndi mtsikana wogwira ntchito ku White House. Mu Febuluwale 1999 Senate idawamasula, ndipo palibe seneta wa Democratic ndi mmodzi yemwe amene adawapeza olakwa. Komabe poyambitsa kafukufukuyo aphungu 31 a chipani cha a Clinton adavota limodzi ndi a Republican.

Mlandu wa 2019 udayambira pa foni. Pa 25 Julayi pulezidenti Donald Trump adalankhula ndi mtsogoleri watsopano wa Ukraine, a Volodymyr Zelensky, nawapempha kuti afufuze a Joe Biden ndi mwana wawo Hunter, yemwe adakhalapo m'bodi ya kampani ya gasi ya Burisma m'dzikolo. A Biden panthawiyo ankafuna kudzapikisana ndi a Trump pa chisankho cha 2020. M'masiku omwewo boma la a Trump lidali litaimitsa thandizo la zankhondo la ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni, lomwe Congress idavomereza kale kuti lipite ku Ukraine, dziko lomwe linkamenyana ndi zigawenga zothandizidwa ndi Russia chakum'mawa kwake. Mu Ogasiti wogwira ntchito wina m'nthambi za ukazitape adalemba dandaulo motsata malamulo. Ndalama zija zidatulutsidwa pa 11 Sepitembala, patangopita masiku awiri makomiti a aphungu atalengeza kuti ayamba kufufuza. Pa 24 Sepitembala sipikala Nancy Pelosi adalengeza kafukufuku wa impichimenti.

Mu Novembala mboni zidayankhula poyera, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. Ambiri anali akazembe ndi akuluakulu a boma ogwira ntchito pansi pa a Trump omwewo: a William Taylor, a George Kent, a Marie Yovanovitch, a Alexander Vindman ndi a Fiona Hill. A Gordon Sondland, kazembe wa America ku European Union, omwe adapereka ndalama zambiri ku mwambo wolumbiritsa a Trump, adauza komiti kuti a Zelensky sakadalandiridwa ku White House pokhapokha atalengeza za kufufuza kuja. White House idakana kupereka zikalata ndipo idaletsa akuluakulu ake kukachitira umboni.

Apa mpamene zipani ziwirizi zidasiyana kotheratu, ndipo mbali iliyonse inkati ikuteteza demokalase. A Democratic ankati pulezidenti wagwiritsa ntchito ndalama za boma ndi mphamvu za ofesi yake kukakamiza dziko lina kuti lidetse mbiri ya wopikisana naye. Kwa iwo, kunena kuti nkhaniyo idikire chisankho kunali kopanda nzeru, chifukwa chisankho chomwecho ndicho chinkasokonezedwa. Ankaonjezera kuti mtsogoleri amene akana kuyankha mafunso a Nyumba ya Malamulo wadziika pamwamba pa lamulo. A Republican ankati otsutsa sadavomereze kugonja kwawo kwa 2016 ndipo akhala akusaka chifukwa kuyambira kale; zoonadi, phungu Al Green adayesapo kubweretsa impichimenti mu 2017, mu 2018 komanso mu Julayi 2019. Ankakumbutsa kuti thandizo lidaperekedwa ndithu, kufufuza a Biden sikudalengezedwe, a Zelensky eni ake adati sadakakamizidwe, ndipo mboni zambiri zinkanena zomva kwa ena. Kuchotsa munthu wosankhidwa ndi anthu pafupifupi 63 miliyoni chisankho chili pafupi, iwo ankati, ndiko kupha demokalase. A Trump adati foni yawo idalibe banga, ndipo kafukufukuyo adamutcha kulanda boma.

Mfundo zimenezi sizilemera mofanana. Kudandaula kuti mboni zikunena zomva kwa ena, pomwe odziwa nkhaniyo bwino aletsedwa kuyankhula, ndi mfundo yosaima. Mu Januwale 2020 ofesi yolondoloza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, Government Accountability Office, idapezanso kuti kuimitsa thandizo lija kudaphwanya lamulo. Koma a Democratic nawo adathamanga. Sadadikire makhothi kuti akakamize mboni zoletsedwazo, ndipo a Pelosi omwe adali atanena mu Malichi 2019 kuti impichimenti imagawa dziko pokhapokha zipani zonse zitagwirizana nayo. Maganizo oona mtima kwambiri ku mbali ya Republican adachokera kwa seneta Lamar Alexander wa ku Tennessee, yemwe adavomereza kuti zomwe a Trump ankanenedwa adachitadi ndipo sizinali zoyenera, koma adati chilango chake chiperekedwe ndi ovota. Munthu angatsutsane nawo, koma sadakane zomwe zidaoneka poyera.

Mavoti adatsata mizere ya zipani pafupifupi ndendende. Pa 31 Okutobala ndondomeko ya kafukufuku idavomerezedwa ndi aphungu 232, okana 196, popanda wa Republican ndi mmodzi yemwe kumbali yovomereza. Pa 18 Disembala mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika udadutsa ndi mavoti 230 kwa 197, wotsekereza Congress kugwira ntchito yake ndi 229 kwa 198. Ku Senate, pa 31 Januwale 2020, maseneta 51 adakana kuitana mboni, 49 adafuna, ngakhale kuti a John Bolton, mlangizi wakale wa a Trump pa zachitetezo, adali atanena kuti ndi okonzeka kuyankhula ataitanidwa. Pa milandu ya a Johnson ndi a Clinton umboni wa mboni udamvedwa. Pa 5 Febuluwale a Trump adamasulidwa ndi mavoti 52 kwa 48 pa mlandu woyamba ndi 53 kwa 47 pa wachiwiri. A Mitt Romney wa ku Utah adakhala seneta woyamba m'mbiri ya dzikolo kupeza wolakwa pulezidenti wa chipani chake.

Chodetsa nkhawa kwambiri sichinali m'Nyumba ya Malamulo koma kunja kwake. Miyezi inayi ya umboni sidasunthe maganizo a anthu monga zidachitikira mu 1974. Kumayambiriro kwa Febuluwale 2020, Gallup idapeza kuti otsatira Republican oposa 90 pa 100 alionse ankakhutira ndi a Trump, pomwe kwa otsatira Democratic sankafika 10. Anthu ankaweruza mlanduwo ngati ochemerera mpira, omwe amadziwa kale kuti oimbira walakwitsa kapena ayi poona timu yomwe yalangidwa. Andale nawo adasinthana malo. A Lindsey Graham, omwe mu 1999 ankazenga a Clinton ndi kunena kuti pulezidenti angachotsedwe ngakhale sadapezeke wolakwa kukhothi, mu 2019 anali patsogolo kuteteza a Trump. A Jerrold Nadler, omwe mu 1998 ankatsutsa impichimenti yoyendetsedwa ndi chipani chimodzi, ndiwo ankatsogolera komiti yomwe idalemba milandu ya a Trump.

Zifukwa za kusinthaku ndi zingapo. Kale chipani chilichonse chinali ndi anthu a maganizo osiyanasiyana: ku Democratic kunali aphungu osunga zakale ochokera kumwera, ku Republican kunali omasuka maganizo ochokera kumpoto chakum'mawa. Lero magulu amenewo adatha pafupifupi onse, ndipo chipani cha munthu chimayendera limodzi ndi dera lomwe amakhala, kapembedzedwe kake ndi maphunziro ake. Nkhani nazonso anthu amazimva kosiyana. Lamulo lokakamiza mawailesi kuulutsa mbali zonse za nkhani lidathetsedwa mu 1987, ndipo mu 1996 kudabwera Fox News ndi MSNBC, mawailesi akanema omwe pambuyo pake iliyonse idakhala ndi mbali yake; Facebook ndi Twitter zidadzaonjezera. Chachikulu kwa phungu ndi mapulaimale. M'madera ambiri, ena mwa iwo odulidwa malire mokomera chipani chimodzi, wopambana amadziwika kale, kotero phungu saopa chipani chotsutsa koma anthu a chipani chake omwe, amene angamugwetse akaoneka ngati wogalukira.

Mantha amenewa adatsimikizika patangopita chaka. Otsatira a Trump atathyola nyumba ya Congress pa 6 Januwale 2021 pofuna kuletsa kuvomerezedwa kwa chipambano cha a Biden pa chisankho cha 2020, aphungu adatsegulanso mlandu pa 13 Januwale ndi mavoti 232 kwa 197. Ulendo uno aphungu 10 a Republican adavomereza, ndipo ku Senate maseneta 57, asanu ndi awiri mwa iwo a Republican, adati a Trump ngolakwa. Sadafike 67. Mwa aphungu 10 aja, anayi adagonja pa mapulaimale a 2022, kuphatikizapo a Liz Cheney a ku Wyoming, anayi sadaimenso, ndipo awiri okha ndiwo adabwerera ku Nyumba ya Malamulo.

Chida chomwe chidagona zaka zoposa 100 tsopano chikusololedwa pafupipafupi. Mu Disembala 2023 aphungu a Republican adavomereza kafukufuku wa impichimenti ya a Biden ndi mavoti 221 kwa 212, chipani ndi chipani, koma nkhaniyo idazilala popanda kuvotera mlandu uliwonse. Mu Febuluwale 2024 adatsegulira mlandu nduna ya zachitetezo cha m'dziko, a Alejandro Mayorkas, ndi voti imodzi yoposa, ndipo Senate idautaya osauzenga n'komwe.

Pomasula a Trump mu Febuluwale 2021, mtsogoleri wa maseneta a Republican, a Mitch McConnell, adanena poyera kuti a Trump ndiwo adachititsa zomwe zidachitika pa 6 Januwale, koma adati Senate singazenge munthu amene wachoka kale pampando, ndipo makhothi alipo oti achite ntchito imeneyo. Pa 1 Julayi 2024 khothi la Supreme lidagamula, majaji 6 kwa 3, kuti pulezidenti wakale sangaimbidwe mlandu pa zomwe adachita pogwiritsa ntchito mphamvu zenizeni zomwe malamulo oyendetsera dziko amapatsa ofesi yake, ndipo pa ntchito zina za udindo wake khothi liziyamba lamuona ngati wotetezedwa. Mlandu wokhudza kuyesa kusintha zotsatira za chisankho cha 2020 udathetsedwa usanazengedwe, a Trump atapambana chisankho cha Novembala 2024.