KODI ZILONDA ZA M'MIMBA ZAPOLADI?

Anthu ambiri a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma amakudziwa kuwotcha kwa m'mimba kumene kumadzutsa munthu pakati pa usiku. Kale anthu ankayesa kuti zilonda za m'mimba zimadza ndi njala, nkhawa kapena tsabola. Koma m'chaka cha 1982 madotolo awiri a ku Perth, m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kuti zilonda zambiri zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Helicobacter pylori, timene timakhala m'chifu. Chifukwa cha ntchito imeneyi analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2005.

Wodwala amene apezeka ndi tizilomboti amapatsidwa mankhwala amitundu itatu kapena inayi omwera pamodzi, kawirikawiri masiku 14. Pakati pa mankhwalawo pamakhala omeprazole, amene amachepetsa asidi wa m'chifu. Tsono vuto lili apa: kuwawa kumaleka msanga ngakhale tizilombo tisanafe tonse. Munthu amabwerera kumunda ali wokondwa, koma tizilombo tikatsalako chilonda chimabukanso, mwina nkutuluka magazi, ndipo kwa ena pakapita zaka zambiri pamayamba khansa ya m'chifu. Nchifukwa chake nkofunika kuyesanso. Pali njira zitatu zimene sizifuna kulowetsa kachubu kukhosi.

Njira yoyamba ndiyo kuyesa magazi. Imeneyi njosavuta, koma siithandiza kudziwa ngati munthu wachira. Magazi amangoonetsa kuti thupi linalimbanapo ndi tizilomboti, ndipo chizindikiro chimenecho chimakhalabe miyezi yambiri, ngakhale zaka, tizilombo titafa kale. Zili ngati mapazi a fisi pabwalo m'mawa: amasonyeza kuti fisi anadutsa, koma sanena kuti akali m'mudzi. Munthu wokhulupirira magazi angathe kumwanso mankhwala pachabe ndi kutaya ndalama zake.

Njira yachiwiri ndiyo kuyesa chimbudzi. Wodwala amapereka chimbudzi pang'ono m'kabotolo, ndipo a chipatala amafunamo zidutswa za tizilombo teniteni. Tizilombo tikatha m'chifu, zidutswazo zimalekanso kuoneka. Njira imeneyi njokhulupirika, mtengo wake ngwochepa, ndipo imayeneranso ana. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Njira yachitatu ndiyo kuyesa mpweya. Wodwala amamwa mankhwala otchedwa urea okonzedwa mwapadera, ndipo pakapita mphindi zowerengeka amauzira m'kathumba. Ngati tizilombo tilimo, timaswa urea uja, ndipo makina amazindikira zimenezo mumpweyawo. Imeneyi njokhulupirika kwambiri, koma makina ake ngodula, kotero kuti sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi.

Poyesa chimbudzi kapena mpweya pali malamulo awiri. Loyamba, papite masabata 4 chitsirizire mankhwala opha tizilombo. Lachiwiri, wodwala aleke omeprazole masabata 2 lisanafike tsiku loyesa, atapangana ndi dotolo. Akafulumira, tizilombo totsala timakhala tochepa ndi tofooka, ndipo kuyesako kumanena kuti wachira pamene sanachire. Tizilombo tikapezekanso, dotolo amasintha mankhwala, pakuti oyamba aja alephera.

Amene watsiriza mankhwala abwerere ku chipatala chimene anawalandira, kaya ndi ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena ku Nambuma, nafunse kumene angakayesetse chimbudzi. Apewenso kugula aspirin ndi bulufeni m'magolosale, chifukwa mankhwala amenewa nawonso amayambitsa zilonda. Koma munthu amene ali kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kuwonda popanda chifukwa, asadikire masabata anayiwo. Ameneyo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo kukafunika adzamtumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene madotolo amayang'ana m'chifu ndi kachubu.