Solarized

Solarized ndi gulu la mitundu 16 yopangira maonekedwe a mapulogalamu olembera pakompyuta, monga Vim ndi Emacs. Analipanga ndi Ethan Schoonover, ndipo linatuluka mu 2011.

Mitundu 8 ndi ya zilembo wamba ndi tsamba lomwe zalembedwapo. Ina 8, monga yachikasu, yofiira ndi yabuluu, imasiyanitsa magulu a mawu kuti wolemba mapulogalamu aziwazindikira msanga. Pofuna kuti maso asamatope, Schoonover anachepetsa kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi tsamba, ndipo mtundu uliwonse anauyeza ndi dongosolo la CIELAB.

Maonekedwe ake alipo awiri, owala ndi akuda. Mu Vim, munthu amaika fayilo ya solarized.vim mufoda ya colors, n'kulemba lamulo lakuti :colorscheme solarized.